Njoka ya Makoloboyi

Amuna anga anali wokhoma zitini. Ndayambira pamenepa dala, chifukwa masiku ano ana athu akafunsidwa ntchito ya bambo awo amayankha mozungulira, amati anali a bizinesi. Bizinesi yanji? Ankakhoma ndowa, mbaula, zothirira mbewu kudimba ndi makoloboyi, tinyali tija ta palafini. Tsiku la msika ankamangirira zonsezo panjinga kupita nazo ku Migowi, zikulira njira yonse, moti agalu a midzi itatu ankawadziwa. Chuma chawo chinali nyundo ziwiri, sizasi yodulira malata ndi chidutswa cha njanji chimene ankakhomerapo. Chitsulo chimenecho anabwera nacho kuchokera kwawo ku Chiwalo tsiku limene anadzalowa chikamwini, ndipo chinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu zaka khumi ndi zisanu osasunthidwa.

Kwathu kuno mwamuna ndi wobwera. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a kuchikazi, ndipo mkamwini akalakwa samukalipira nthawi yaitali. Amangomutulutsira katundu wake panjira, iye n'kudziwa yekha kolowera. Amuna anga ankadziwa zimenezi, choncho ankayenda mopepuka pamudzi. Iwo ndi amayi anga ankathawana monga mwa mwambo wa apongozi. Zaka zonsezo sanalankhulanepo maso ndi maso. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'munda wa nandolo mpaka mnzake adutse. Ndowa ya amayi ikabooka, ankaisiya pakhomo panga n'kunena mokweza kuti, "Uwauze aione." Amuna anga, ali chikhalire pomwepo pansi pa mango, ankayankha kuti, "Uwauze kuti mawa ikhala itatha." Ine ndinali positi ofesi yawo, ndipo ndivomere, makalata ena ankafika nditathiramo tsabola wanga. Pakamwa panga sipanakhalepo ndi chitseko.

Chimene chinatsala pang'ono kuthetsa banja langa chinayambira pa mlongo wanga. Anali chitsiriza cha amayi, mnyamata wamkulu kale, ataumba njerwa zake kuti akamange kwa mtsikana amene ankafuna kumukwatira. Chaka chija phiri la Michesi linang'ambika, zipani zambiri zisanabwere, iye anali atawoloka mtsinje kukamasula mbuzi. Madzi anatsika ndi miyala yaikulu ngati nyumba, ndi mitengo yathunthu mizu ili m'mwamba. Ife tinathawira ku tchalitchi cha mishoni. Iye sitinamuonenso. Amuna anga anakumba m'matope milungu iwiri pamodzi ndi amuna ena, mpaka zikhadabo zinawathothoka, koma sanapeze ngakhale malaya oti tikaike m'manda.

Ife a kuno sitinena kuti kunagwa mvula yambiri. Timati kunadutsa napolo, njoka yaikulu yokhala m'kati mwa phiri, imene ikatopa ndi malo ake imasamuka kutsikira kunyanja ya Chilwa, n'kukokolola chilichonse chimene yapeza panjira. Ophunzira amaseka, amati ndi nthaka chabe yokhuta madzi. Mwina n'zoona. Koma ndaonapo ophunzira omwewo akuitana ana awo kuti alowe m'nyumba phiri likayamba kugunda. Amayi anga dzina limenelo sankalitchula n'komwe, ankangoti "chija". Chingwe chikagwa pabwalo chitapindika, ankachichotsa ndi ndodo.

Tchalitchi chathucho n'chakale kwambiri. Anachimanga ndi agogo athu amene anachokera ku Mozambiki, akusenza njerwa pamutu, ndipo njerwa zina mpaka lero zikuoneka zala za amene anaziumba. Chinamangidwa motsata chitunda. Kumunsi kwake kuli khomo, moyang'ana midzi ndi mtsinje. Kumtunda kuli nsanja ya belu yokhala ndi mtanda, ndipo kuseri kwa nsanjayo kuli phiri. Madzi aja anafika kumunsi kwa khoma lalitali n'kusiya mzere wa matope wofika m'mawondo. Anthu anakana kuti mzerewo utsukidwe.

Patapita zaka zisanu ndi zinayi kunabwera chaka cha jubili, ndipo akomiti anagwirizana kuti chikondwerero cha tchalitchi chathu, chimene chimakhala mu Seputembala, chikhale choti anthu adzachisimbe. Mawu a tsiku limenelo amanena za njoka yamkuwa imene inapachikidwa pamtengo m'chipululu, kuti wolumidwa akaiyang'ana achire. Wapampando wa komiti anali aphunzitsi aakulu a pasukulu ya mishoni, ochokera kuchigawo chapakati. Munthu wabwino ndithu, ana athu ankakhoza mayeso m'manja mwawo, koma anabwera kuno madzi ataphwa kale. Anali ataona ku Blantyre nyumba zokongoletsedwa ndi timababu, ndiye anaganiza zoti njoka yamkuwa ija ijambulidwe ndi nyali pakhoma la tchalitchi. Magetsi kwathu kunalibe, choncho nkhani inagwera pa makoloboyi, ndipo ukati makoloboyi watchula amuna anga.

Aphunzitsiwo anajambula njokayo papepala lalikulu la kusukulu. Mchira anaukulunga kumtanda, thupi n'kutsika ndi khoma, mutu n'kufika kumunsi pafupi ndi khomo, kuti olowa m'tchalitchi aziiona nkhope. Akomiti a kuno atachiona chithunzicho anangoti zii, aliyense kudikira mnzake kuti ayambe. Ndani angatsutse aphunzitsi aakulu pamaso pa bambo mfumu, amenenso anali achilendo? Alendo awiriwo anayesa kuti chete uja ndi kuvomera. Akomiti anakayamba kulankhula atafika pachitsime ndi pa bawo.

Madzulo ake amuna anga anafika ndi pepalalo atalipinda kukhwapa. Ndinalitambasula. Njoka ikuchokera kuphiri, mutu utaloza kumudzi kwathu, pakhoma lomwe lija tinalirirapo maliro opanda mtembo. Ndinawafunsa ngati mutu wawo ukuyenda bwino. Ndinawakumbutsa za zikhadabo zawo. Ndinanena zambiri, zina zosayenera kulembedwa. Iwo anamvetsera mpaka ndinatha mpweya, kenako anasomeka pepalalo kudenga n'kunena kuti avomera kale. Anati moyo wawo wonse akhala akukhoma zotungira madzi ndi zowolera zinyalala, ndipo palibe anawapemphapo kuti aike kanthu panyumba ya Mulungu. Ine ndinati amenewo ndi matama, ndipo matama sagona nawo m'nyumba.

Dzuwa la mawa lake lisanalowe nkhani inali itawapeza amayi. Anabwera n'kuima chofulatira mtengo wa mango, kumene amuna anga ankakhoma, nayamba kulankhula Chilomwe, chimene ankachisungira mapemphero ndi mkwiyo. Anati ndiwauze kuti chinthu chimenecho chikadzangoyaka pakhoma lija, iwo ayambe kukumbukira njira ya ku Chiwalo. Malume anga, amene anali mwini mbumba, anabweranso kudzathirapo mchere, amvekere mkamwini asamakule mwendo. Nyundo inasiya kulira. Tonse tinadikira yankho.

"Uwauze kuti ndamva," anatero amuna anga, nyundo n'kuyambiranso.

Kalata imeneyo sindinathiremo kanthu, chifukwa ndinali ndi mantha. Amuna angawo ndinkawakonda, ngakhale sindinkawauza, poopa kuti angazolowere. Akanathamangitsidwa sindikanawatsatira. Ndikanasiyira yani amayi, amene anali atatsala ndi ine ndekha? Nanga munda, nanga ana anayi? Ndinakhala masiku atatu osawalankhula, ndipo amene amandidziwa akhoza kuchitira umboni kuti chimenecho chinali chozizwitsa choyamba cha jubili.

Iwo anangopitiriza. Anthu a m'mudzi anakana kuwapatsa zitini, ndiye ankakatola ku Migowi, kuseri kwa matiirumu ndi magolosale, za mkaka, za majarini, za nsomba. Anatsitsanso kudenga zitini zikuluzikulu za mafuta ophikira zimene tinalandira pa chithandizo nthawi ya chigumula. Tating'ono anapanga makoloboyi. Zazikuluzo anazidula kuti zikhale zotchinga mphepo, poti mphepo ya Seputembala kuno siseka ndi nyali, ndipo chilichonse anachiboola ndi msomali timabowo tondondozana ngati mamba. Zinakwana zoposa zana. Bwalo lathu linadzaza zitini, ndipo amayi anasiya kudutsira pakhomo panga popita kumadzi.

Kenako anayamba khalidwe lachilendo. Masana dzuwa likuswa mtengo ankadzitsekera m'khitchini, kumene kuli mdima. Tsiku lina ndinasuzumira pachibowo. Ndinaona makoloboyi asanu akuyaka pansi, iwo atakhala pa mtondo, kolona ili m'manja, milomo ikugwedera. Munthu woti pa mapemphero a m'banja ankayamba kusinza tisanafike pakati! Pambali pawo panali jakisoni wakale wopanda singano amene anapempha kwa anamwino. Nyali ina ikazima ankasiya kupemphera, n'kuitembenuza, n'kulemba timizere kunsi kwake ndi msomali. Palafini woti tikanaunikira mwezi wathunthu ankangopsa masanasana. Ndinakauza anzanga a kwaya kuti amuna anga asanduka woyera mtima, kwangotsala kuti bambo mfumu awaike pakhoma. Ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinkati munthuyu wazungulira mutu ndipo banja langa latha.

Bambo mfumu analetsa kukhoma misomali m'njerwa zakale zija, choncho amuna anga anaimika nsungwi motsamira khoma n'kumangapo waya wopachikapo zitini. Kutatsala tsiku limodzi aphunzitsi aakulu anabwera kudzayendera ntchito, ndipo anapeza kuti chithunzi chawo chatembenuzidwa. Mchira unali kumunsi, pa mzere wa matope penipeni. Thupi linkakwera ndi khoma mopindikapindika, n'kukwera nsanja, mutu n'kukathera pansi pa mtanda moyang'ana phiri. Aphunzitsi atadandaula, amuna anga anavula chipewa n'kufotokoza mwaulemu kuti zitini za kumutu n'zolemera, zikufunika zitsulo za kunsanja. Linali bodza, koma bodza lovula chipewa, ndipo aphunzitsi analilandira. Kwa anthu a m'mudzi sizinasinthe kanthu. Njoka ndi njoka, kaya yayang'ana kuti.

M'mawa wa tsiku la chikondwerero ndinapeza pansi pa mango palibe chitsulo cha njanji. Panali dzenje lake lokha, ndi mkwasa wodutsa pabwalo kulowera kunjira. Amayi ndi malume anali atachikoka mbandakucha. Chinali gone m'mbali mwa njira, nyundo ziwiri ndi sizasi zili pamwamba, zitakulungidwa m'chiguduli. Anansi anali atayamba kusesa mabwalo awo, ngakhale amene sasesa. Amuna anga anatuluka akukankha njinga, atavala jekete lawo la pa ukwati, anachiyang'ana chitsulocho, anachilambalala, n'kulunjika ku mishoni.

Ndinawatsatira ndi cholinga chimodzi, kukamaliza ndewu. Ndinawapeza ali okha kuseri kwa tchalitchi, makoloboyi atawandandalika pamthunzi m'mizere. Amene analonjeza kudzawathandiza sanabwere ndi mmodzi yemwe. Ndisanatsegule pakamwa anandipatsa jakisoni uja ndi botolo la palafini, nati ndizithira motsata timizere ta kunsi kwa chitini. Kamzere kamodzi palafini pang'ono, iwiri kuonjezerako, mpaka za kumutu zimene zinali ndi timizere tambiri. Nditaona kuti za kumchira zikulandira timadontho tokha, ndinawafunsa ngati kuumira kwawo kwafika mpaka kwa Mulungu. Ndinati nyali zimenezi sizitha ngakhale nyimbo ziwiri.

"Ndi zimene ndikufuna," anatero, osadzutsa mutu. "Amayi anaiona ikutsika. Sanaionepo ikubwerera."

Ndinakhala pansi, pafumbi, ndi chitenje changa chatsopano cha jubili. Apa m'pamene ndinamvetsa za kolona ija. Wotchi analibe, ndiye ankayeza ndi mapemphero kuti palafini wochuluka chonchi amayaka mpaka pati. Ankafuna kuti nyali zizime motsatana, kuyambira kumchira, kuti njokayo ioneke ikuchoka pa matope aja, ikukwera, mpaka itabwerera kwawo. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire, ine mkazi wawo, n'kundisiya ndikuonda mwezi wonse. Anati akanandiuza, mudzi wonse ukanadziwa dzuwa lisanalowe, ndiye chikanati chikanike akanaloza kuti nkhope yawo. Ndinatenga jakisoni n'kuyamba kuthira, ndikuwerenga timizere ngati namwino weniweni.

Misa inali yaitali, kenako magule. A tchopa anavina mpaka fumbi linakwera kufika pa belu. Ine sindinaone zambiri, ndinali kupachika zitini. Mapemphero otsekera anatha dzuwa litangolowa, ndipo anthu onse anatuluka kudzaima pabwalo moyang'ana khoma. Ena anabwera kudzaona, ena kudzaona mmene zithere. Amayi analipo, chifukwa Misa sanajombepo chibadwire, koma anaima kutali, pansi pa mtengo wa bulugamu, malume ali pambali pawo.

Amuna anga anakwera makwerero kupita kunsanja. Za m'munsi anasiyira ine. Ndinayatsa kandulo ya kutchalitchi n'kugwada pa mzere wa matope. Kumbuyo kwanga mayi wina ananena mosabisa kuti taonani, mwana wa mayi woferedwa ndi amene akuyatsa. Masiku ena ndikanatembenuka n'kumusambitsa chokweza, koma tsiku limenelo ndinameza. Ndinayatsa yoyamba, yachiwiri, kumangokwera nalo khoma, mpaka moto wanga unakumana ndi wa amuna anga pakona ya nsanja. Kenako ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione.

Sindinaonepo chinthu chokongola chotero, ndipo ndakalamba ndisanachionenso. Zitini za nsomba ndi majarini zija sizinkaonekanso. Kuwala kunkatulukira m'timabowo n'kugwera pa njerwa zofiira, mamba okhaokha, ndipo mphepo ikawomba thupi lonse linkagwedera ngati likupuma. Inali yamoyo. Aphunzitsi aakulu anawomba m'manja, anamwino awiri ndi aphunzitsi ena n'kuwathandiza, koma posakhalitsa anasiya ataona kuti ali okha. Mwana wina anayamba kulira. Amayi ena anafunda zitenje kumutu. Mwala unachokera mumdima n'kugunda chitini chimodzi chapakati, koma sichinazime. Nditayang'ana ku bulugamu ndinaona amayi atatembenuka, akuyamba ulendo wa kumudzi.

Ndinathamanga. Ndinawagwira pamkono, chinthu chimene sindinachitepo chikulire. Anandiuza kuti ndiwasiye, ndipo mawu awo anali oti mwana aliyense akanawasiya.

"Amayi, mudzandimenye mawa," ndinatero. "Lero ingoimani muyang'ane."

Sindinawasiye. Ankakoka, ine ndikukoka, malume akundikalipira chapansipansi kuti ndikuchititsa manyazi mbumba. Akwaya, posowa chochita, anayambitsa nyimbo. Inatha, njoka ili chiyakire. Anayambitsa ina. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena mawu amenewo sanagwirepo mkono wa mayi wake pamaso pa parishi yonse. Mumtima ndinayamba kuwatukwana amuna anga. Ndinati munthu wosazolowera kolona uyu, mwina ankadumpha mapemphero ena.

Nyimbo yachiwiri ili pakati, nyali ya kunsonga kwa mchira inaphethira n'kuzima. Palibe anasamala, aliyense anati ndi mphepo. Yotsatira inazima. Kenako ina, ndi inanso, mwadongosolo, ndipo mzere wa matope unatsala mumdima. Mchira tsopano unali pa windo loyamba. Titaphethira unali pa lachiwiri. Akwaya anayamba kusiya mmodzimmodzi mpaka nyimbo inafera m'njira. Mkulu wina amene anataya mkazi ndi ana awiri pa chigumula chija ananena ndi mawu osakweza, koma tonse tinamva.

"Ikubwerera."

Mawuwo anayenda m'khamu monse. Amene anafunda kumutu anafundukula. Anthu anayamba kusendera pafupi, ena kuyenda nayo m'mbali mwa khoma pang'onopang'ono, monga tichitira poperekeza mlendo amene sitikufuna kuti acheuke.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Koloboyi mmodzi wa kumunsi anakana kuzima. Anzake onse a pambali atapita, iye anatsala akuyaka yekha pafupi ndi khomo, ndipo ndikudziwa kuti ndine ndinamupyoletsa muyeso pamene ndinkapukuta misozi. Anthu anayamba kumuloza ndi kung'ung'udza. Ndinamva malume akuchoka pambali pathu. Anayenda mpaka pakhoma, anavula chipewa chawo, n'kumukupiza kamodzi kokha, phu. Anabwerera pamalo pawo ali nkhope gwaa, ngati sanachite kanthu.

Njoka inachoka pakhoma lalitali n'kuyamba kukwera nsanja. Apa amayi ena anali akulira, osati mofuula ngati pamaliro, koma chamumtima, aliyense akutchula wake. Inatsala khosi, kenako mutu wokha pansi pa mtanda, kenako maso awiri. Limodzi linazima. Linalo linakhalitsa pang'ono, n'kuzima nalonso. Kunatsala nsanja yakuda, phiri lili kuseri kwake, ndi fungo la palafini. Nthungululu inayambira kumbuyo, kwa amayi a kutsidya kwa mtsinje, n'kufalikira bwalo lonse, ndipo wina anathamanga kukaliza belu popanda womutuma.

Sindikudziwa nthawi imene amayi anasiya kukoka. Ndinangozindikira kuti si ine ndikuwagwira, ndi iwo akundigwira, zala zitalowa m'mnofu. Anatchula dzina la mlongo wanga kamodzi, motsitsa, dzina limene ndinali ndisanalimve pakamwa pawo zaka zisanu ndi zinayi. Popita kumudzi ndinawafotokozera zonse, za jakisoni, za kolona, za timizere, za bodza la zitini zolemera. Amuna anga sananame za pakamwa panga. Tinadutsa chitsulo chija chili pomwe chinali.

Amuna anga anagona ku mishoni. Katundu wa mkamwini akakhala panjira, mwini wake salowa m'nyumba, ngakhale parishi yonse imuimbire nthungululu. Anabwera m'mawa akukankha njinga, atamangirira zingwe za mphira pakaliyala, zoti anyamulire chitsulo chawo. Panjira sanachipeze. Anazungulira kuseri kwa nyumba, ine ndikuwatsatira, ndipo tinachiona chili pansi pa mango, m'dzenje lake lomwe lija, nyundo ziwiri zili pambali. Pafupi nacho panali amayi, atakhala pansi, atatambasula miyendo, nkhata ili pamwendo. Anali atachisenza okha, mayi wa zaka zimenezo.

Amuna anga atangowaona anatembenuza njinga kuti apatukire m'nandolo, monga mwa masiku onse.

"Apongozi, musathawe," anatero amayi.

Anaima ngati awaponda phazi. Ine ndinasendera pakati, wokonzeka kunyamula makalata, koma amayi anandiuza kuti ndikhale chete, sakulankhula ndi ine. Anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kutulutsa kapu yachitsulo, yosupuka m'milomo. Ndinaidziwa. Inali ya mlongo wanga, imene ankamwera tiyi, ndipo ndinkayesa kuti inapita ndi madzi. Anaitambasulira kwa amuna anga ndi manja awiri, akuwayang'ana kumaso.

"Mundipangire nyali ndi kapu iyi. Koma imeneyi musayeze ndi jakisoni wanu uja. Mudzaze."

Amuna anga anatsamiritsa njinga kumtengo, anavula chipewa, anagwada, n'kulandira kapuyo.

"Ndamva, amayi."

Anaikhoma m'mawa womwewo, jekete la pa ukwati lili m'thupi. Amayi sanachoke. Anakhala pomwepo akuwagwirira sizasi, n'kumawauza kuti chogwirira cha kapu asachidule, chingwe cha nyali chikhale chokhuthala. Ine ndinaima poteropo ndilibe ntchito, ndikuyang'ana wokhoma zitini wanga, ndipo ndinanyada. Nyali imeneyo amayi ankaiyatsa madzulo alionse pawindo loyang'ana kumtsinje mpaka tsiku limene anatisiya, ndipo sabata iliyonse amuna anga ankapita okha kukaidzaza, osatuma munthu.